Trewavas: mayi yemwe adafunsa kuti mazira a chambo amasunga ndani

Pamsika wa Kabudula, Nsaru kapena Namitete, nsomba zomwe zimadzaza mabenchi masiku ano ndi usipa, bonya, matemba ndi utaka wouma. Chambo chenicheni, chija chodzaza mbale chokha, chimaoneka mwa apo ndi apo, ndipo chikaoneka, mtengo wake ndi woti munthu ufunse kawiri poganiza kuti sudamve bwino.

Zifukwa zake n'zambiri, koma china chachikulu chagona pa momwe nsombayi imaswanirana. Mmodzi mwa anthu omwe adathandiza dziko kumvetsa nkhaniyi, yemwenso adapereka maina omwe akatswiri amatchulira mitundu ina ya chambo mpaka lero, adali mayi wa ku England, Ethelwynn Trewavas.

Dzinali n'lovuta pakamwa. Ngakhale anzake a kuntchito ankangomutchula kuti E.T.

Trewavas adabadwa pa 5 November 1900 m'tauni ya Penzance, m'chigawo cha Cornwall, kunsonga ya kummwera chakumadzulo kwa England. Uku n'kunyanja ya mchere ndipo pafupi pomwepo pali doko la asodzi la Newlyn.

Kwa zaka mazanamazana anthu a ku Cornwall ankadalira nsomba yotchedwa pilchard, yomwe imayenda m'magulu akuluakulu monga achitira usipa kwathu kuno. Nyengo yake ikakwana, munthu ankaima pamtunda m'mbali mwa nyanja kuyang'ana pomwe madzi asintha mtundu, n'kumalozera mabwato koti aponye khoka. Koma pomwe mwanayu amabadwa n'kuti magulu a nsombazo atayamba kusowa, moti pofika zaka za m'ma 1920 usodzi wa makoka uja udali utatheratu.

Msungwanayu adakonda sukulu. Adatsiriza maphunziro ake aukachenjede ku Reading m'chaka cha 1921 ndipo adayamba wagwira choko, kuphunzitsa sayansi. Kenako adapita ku London komwe ankathandiza kuphunzitsa pakoleji ina kwinaku akuchita kafukufuku wake, osati pa nsomba ayi, koma pa kholingo la achule.

Ku London komweko ndiko adakumana ndi Charles Tate Regan, katswiri wa nsomba yemwe adali mkulu wa British Museum (Natural History), nyumba yomwe imasunga zamoyo zotoleredwa padziko lonse. Regan adaona luso la mayiyu ndipo m'chaka cha 1928 adamutenga kuti azimuthandiza. Mu 1935 Trewavas adalembedwa ntchito yokhazikika panyumbayo, panthawi yomwe amayi pantchito zotere adali owerengeka.

Ntchito yake yoyamba idali pa nsomba za pansi penipeni pa nyanja zamchere, komwe dzuwa silifika. Sitima ya ku Denmark yotchedwa Dana idazungulira nyanja zikuluzikulu m'zaka za m'ma 1920 ikukoka maukonde kuchokera kwakuya, ndipo nsomba zambiri zomwe idapeza zidatumizidwa kwa Regan ndi wothandizira wakeyo.

Mwa nsombazo mudali zina zochititsa nthumanzi zotchedwa anglerfish. Yaikazi ili ndi kamwa lalikulu, mano osongoka ndi kachingwe pamphumi komwe kunsonga kwake kumayaka ngati chiphaniphani pofuna kukopa tinsomba toti idye. Chomwe chidazunguza akatswiri kwa nthawi yaitali n'choti nsomba zazikulu zonse zomwe ankagwira zinkakhala zazikazi. Nanga amuna ali kuti?

M'chaka cha 1922 katswiri wina wa ku Iceland adapeza tinsomba tiwiri titamatirira pamimba pa nsomba yaikazi ya mtunduwu ndipo adaganiza kuti ndi ana ake. Mu 1925 Regan adatumbula kansomba kotere n'kupeza kuti si mwana ayi, koma mwamuna. M'mitundu ina ya nsombazi yaimuna imakhala yaing'ono zedi. Ikapeza yaikazi mumdimamo imailuma osasiyanso, mpaka khungu ndi mitsempha yamagazi zimalumikizana. Kuyambira pamenepo chakudya imapezera m'magazi a mkaziyo, ntchito yake n'kukhala imodzi basi: kupereka umuna mazira akakhwima. Mumtundu wa Ceratias yaikazi imatha kupitirira mita imodzi kutalika pomwe mwamuna wake amangolendewera pambali ngati chotupa.

Mu 1932 Regan ndi Trewavas adatulutsa buku lofotokoza nsombazi. Phunziro lomwe aliyense wogwira ntchito yotere sangalephere kulitola n'loti yaimuna ndi yaikazi ya mtundu umodzi zikhoza kusiyana mpaka munthu n'kuziyesa nsomba ziwiri zosadziwana. Ukafuna kuidziwa nsomba, uyenera kudziwa momwe imaswanirana. Mfundo imeneyi idadzaonekanso kwambiri m'ntchito ya mayiyu pa nsomba za kuno.

Nyanja yathu adayamba kuidziwira m'mabotolo. M'zaka za 1925 ndi 1926 dotolo wina woyendayenda, Cuthbert Christy, adatolera nsomba zankhaninkhani m'nyanja yomwe panthawiyo inkatchedwa Nyasa, n'kuzitumiza ku London zili m'mankhwala oti zisaole.

Trewavas adakhala nazo pansi imodziimodzi. Ankawerenga mamba, kuyeza mutu ndi maso, kuwerenga minga ya m'zipsepse ndi kuyang'anitsitsa mano, kuphatikizapo mano ena omwe nsomba za banja la chambo zili nawo kukhosi. Ndi ntchito yofuna mtima wa mayi wosankha mpunga. Mu 1935 adatulutsa zomwe adapeza: mitundu 175 ya nsomba za banja limeneli m'nyanja imodzi, yambiri mwa iyo isanalembedwepo m'buku lililonse. Imodzi ndi kansomba ka m'miyala komwe chakudya chake ndi mamba ndi zipsepse za nsomba zinzake, komwe adakatcha Genyochromis mento. Ina adaitcha Aristochromis christyi pokumbukira dotolo uja.

Tisaiwale kuti kunena kuti mitunduyo idali yatsopano n'kunena za mabuku a azungu. Asodzi a ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Mangochi ankazidziwa nsombazi kuyambira makedzana ndipo adali nawo maina awoawo.

Mwayi woiona nyanjayo ndi maso udapezeka mu 1939. Boma la atsamunda lidali likuchita kafukufuku wa kadyedwe ka anthu a ku Nyasaland motsogozedwa ndi Dr B.S. Platt m'midzi ya m'boma la Nkhotakota, ndipo kudaoneka kuti sungakambe za zakudya zomanga thupi osakamba za nsomba. Choncho kudatumizidwa anthu atatu kuti akafufuze za nsomba ndi usodzi: Kate Ricardo, yemwe adali atagwirapo kale ntchito yotere kunyanja za Rukwa ndi Bangweulu, John Borley, ndi Trewavas.

Owerenga a kuno kumtunda asaone ngati Nkhotakota n'kutali ndi nkhani yawo. Madzi a mtsinje wa Namitete amathira mu Bua, ndipo Bua amakathira m'nyanja m'boma lomwelo la Nkhotakota. Mumtsinje wa Bua ndimo mpasa umakwera kuchoka kunyanja kukaikira mazira pamiyala. Dothi lokokoloka m'minda ya kuno limakathera komweko.

Atatu aja adayendera madooko, kuyeza nsomba zotuluka m'makoka, kuzitumbula kuti aone zomwe zadya ndi kukula kwa mazira, komanso kufunsa asodzi maina. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse idabuka mu September chaka chomwecho, koma lipoti lawo lidatuluka ndithu mu 1942.

Paulendowu Trewavas adaona kuti chomwe mabuku ankachiyesa chambo cha mtundu umodzi chidali mitundu ingapo, monga momwe asodzi ankanenera. Mu 1941 adalemba mitundu iwiri yomwe idali isanasiyanitsidwe. Umodzi adautcha karongae potengera dzina la Karonga. Winawo, wa mutu waukulu komanso wokonda kuyenda m'magulu pakati pa nyanja, adausiyira dzina lomwe adalimva kwa eni ake: lidole.

Vuto lidali loti chambo chaching'ono, chomwe timati kasawala, ndi chambo chachikazi zimafanana kwambiri m'mitundu yonseyi. Kusiyana kumaoneka bwino pa zazimuna nthawi yoswana, ndipo kuti munthu aone zimenezi ayenera kukhala kunyanja chaka chathunthu. Ntchito imeneyi adaipitiriza msungwana wa zaka 24, Rosemary Lowe, yemwe adafika mu 1945 n'kukhala mpaka 1947. Trewavas adali mlangizi wake ndipo ubwenzi wawo udakhala wa moyo wonse.

Zomwe zidadziwika kuchokera pa ntchito ya amayi awiriwa ndi ena obwera pambuyo n'zoti mwana aliyense wa sukulu azidziwe.

Nthawi yoswana ikayandikira, chambo chachimuna chimasintha mtundu. Cha karongae ndi lidole chimada bii, m'mphepete mwa zipsepse muli mzere woyera, pomwe cha mtundu wa squamipinnis mutu wake umayera kapena kuoneka wobiriwira ngati mtambo. Zazimunazi zimasonkhana pamalo amodzi pansi pamchenga, iliyonse n'kukumba chisa chake chonga mbale yaikulu, chapakati pali kachitunda. Zisa zimayandikana ngati nyumba za pamudzi ndipo mwini aliyense amalondera pake, kuthamangitsa mnzake akayandikira.

Zazikazi zimabwera kuchoka m'magulu awo kudzayendera zisazo. Ikasankha mwamuna, imaikira mazira pachisapo ndipo nthawi yomweyo imawatola ndi pakamwa. Yaimuna ili ndi timphonje kunsi kwa mimba tomwe timakopa mkaziyo, ndipo umuna umakumana ndi mazirawo asanachoke pamalopo. Zikatero ukwati watha. Mayi amanyamuka ndi mazira ake m'kamwa, bambo amatsala pachisa kudikira wina.

Apa ndiye pali nkhani ya chiwerengero cha amuna ndi akazi. Chambo chachimuna chimodzi chikhoza kubereketsa zazikazi zingapo m'nyengo imodzi. Koma yaikazi ilibe woilandira katundu. Imasunga mazirawo m'kamwa kwa milungu ingapo, osadya mokwanira, mpaka ataswa. Ikatero imapita nato tianato kumadzi osaya, m'mabango ndi m'udzu, komwe imatilavula kuti tidye, ndipo kukabwera choopsa timathawiranso m'kamwa mwa mayi.

Nsomba zambiri za m'nyanja zamchere sizichita choncho. Zazimuna ndi zazikazi zimangosonkhana m'chigulu n'kumwaza mazira ndi umuna m'madzi, basi osazionanso. Nsomba imodzi yaikulu ya mtundu wa cod imatha kutaya mazira mamiliyoni m'nyengo imodzi. Usipa wathu nawonso sulera ana ndipo umakula msanga, n'chifukwa chake chaka china umasowa, china n'kudzaza mathandala. Chambo chimaikira mazira mazana ochepa chabe, akuluakulu, ndipo chimatenga pafupifupi zaka zitatu kuti chiyambe kuswana.

Tsono taganizani khoka lokokedwa pamchenga m'miyezi yoswana. Limakokolola amuna ali pazisa zawo, kufafaniza zisazo, ndi kugwira amayi ali ndi mazira m'kamwa. Wina n'kubwera ndi neti ya udzudzu m'mabango muja kudzatsiriza tiana. Wogula nsomba yaiwisi akatsegula kukamwa n'kupezamo timazira tachikasu, adziwe kuti sadagule nsomba imodzi.

Ichi n'chifukwa chake boma limatseka nyanja kwa asodzi a makoka kumapeto kwa chaka, kuyambira mu November. Ndipo nzeruyi sidachokere ku London kokha. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, popanda kudikira kalata ya boma.

Trewavas adakwezedwa kukhala wachiwiri kwa mkulu wa nthambi ya zinyama ku British Museum mu 1958, ndipo adapuma pantchito mu 1961. Kupumako kudali kwa papepala chabe, chifukwa ntchito zomwe amadziwika nazo kwambiri adazigwira pambuyo pake. Mu 1968 bungwe la Linnean Society of London lidamupatsa mendulo yake yaulemu. Mu 1970, ali ndi zaka 69, adali ku Cameroon kufufuza nsomba za m'kanyanja ka Barombi Mbo. Mu 1977 adatulutsa ntchito ina yaikulu pa nsomba za m'nyanja zamchere za ku India ndi Pacific zomwe zimalira ngati ng'oma.

Koma nkhani yomwe idamudyera zaka zambiri idali ya dzina loti Tilapia. Kale nsomba zonse zonga chambo mu Africa zinkaunjikidwa pansi pa dzina limeneli. Mayiyu adaona kuti thumbali lanyamula zinthu zosiyana, ndipo pozigawa sadayang'ane mafupa ndi mano okha. Adafunsanso funso lomwe mayi aliyense wa pamudzi angafunse akamva za banja la eni: kodi ana amalera ndani?

Nsomba zomwe yaimuna ndi yaikazi zimakhalira limodzi, kuikira mazira pansi ndi kuwalondera zonse ziwiri, adazisiya m'gulu la Tilapia. Chitsanzo chake kuno ndi chilunguni, ngakhale kuti akatswiri a pambuyo pake adadzachisamutsira ku dzina lina, Coptodon. Zomwe bambo, kapena makolo onse awiri, amasunga mazira m'kamwa adaziika m'gulu la Sarotherodon. Zomwe mayi yekha ndiye amasenza udindowo, bambo ali pachisa, adazipatsa dzina lakale lomwe lidali litaiwalika, Oreochromis. Muno ndimo muli chambo ndi makumba.

Si onse adagwirizana naye poyamba. Ena ankati akungosokoneza alimi a nsomba ndi maina atsopano. Koma buku lake la masamba oposa 500 lomwe lidatuluka mu 1983, iye ali ndi zaka za m'ma 80, lidakhazikitsa nkhaniyi, ndipo lero aliyense wophunzira za nsomba ku Bunda amalemba Oreochromis osaganizanso kuti dzinali lidabwera bwanji.

Kwa mlimi wa damu la nsomba ku Mpingu kapena Nambuma izi si nkhani za m'kalasi chabe. Ambiri amadandaula kuti adaika makumba m'damu, adyetsa gaga miyezi isanu ndi umodzi, koma pokolola apeza tinsomba tambirimbiri tosakwana chikhato. Chimachitika n'choti m'damu makumba amayamba kuswana akadali aang'ono. Zazikazi zimathera mphamvu kumazira ndi kusala kudya zikafungatira, ndipo ana amachuluka mpaka chakudya kuchepa.

N'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa kuti wofuna nsomba zogulitsa aziweta zazimuna zokhazokha, zomwe zimakula msanga, ndipo amaphunzitsa kuzisiyanitsa poyang'ana kunsi kwa mimba. Wofuna kupanga mbewu ndiye amachita mosiyana: amaika zazikazi zambiri kuposa zazimuna, popeza tambala mmodzi amakwanira misoti ingapo. Nzeru zonse ziwirizi zaima pa khalidwe lomwe Trewavas adagawira nalo nsombazi.

Palinso chenjezo lomwe likuchokera pomwepo. Nsomba ya kumtsinje wa Nile, Oreochromis niloticus, yomwe imakula msanga ndipo alimi ena amailakalaka, ndi ya gulu limodzi ndi chambo ndipo imatha kukwatirana ndi abale ake a m'madera ena. Ikalowerera m'mitsinje yothira m'nyanja ya Malawi ikhoza kusokoneza mtundu wa nsomba zathu. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe malamulo a dziko lino amakanira kulowetsa nsomba zachilendo mwachisawawa.

Ntchito yake yomaliza ikuluikulu idalinso ya nyanja yathu. Pamodzi ndi David Eccles, yemwe adagwira ntchito yofufuza za nsomba ku Monkey Bay kwa zaka zambiri, adatulutsa buku mu 1989 logawanso mitundu yochuluka yomwe kale idaunjikidwa pansi pa dzina limodzi. Panthawiyi maso a gogoyu adali atayamba kufooka. M'bukumo ndimo utaka udalandira dzina loti Copadichromis, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza gulu la nsomba zoyendera limodzi.

Nambala ija ya 175 idatsalira kutali. Lero akatswiri amati m'nyanja ya Malawi muli mitundu yoposa 700 ya nsomba za banja limeneli, kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo pafupifupi yonse imalera ana m'kamwa mwa mayi.

Anzake adamuthokoza m'njira yomwe akatswiri a zamoyo amathokozerana. Mu 1956 Geoffrey Fryer, yemwe ankagwira ntchito ku Nkhata Bay, adatcha mbuna ina Labeotropheus trewavasae. Mu 1987 kansomba kena kokongola ka kumpoto kwa nyanjayi kadatchedwa Aulonocara ethelwynnae. Yunivesite ya Stirling ku Scotland idamupatsa digiri yaulemu mu 1986.

Ethelwynn Trewavas adamwalira pa 16 August 1993 ku Reading ali ndi zaka 92.

Pomwe iye amatsikira kulichete n'kuti chambo chitayamba kale kuthawa m'makoka. Kunyanja ya Malombe, komwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 chinkatuluka matani zikwizikwi pachaka, chidali chitatsala pang'ono kutheratu. Mu 2018 bungwe loona za zamoyo zomwe zili pachiopsezo padziko lonse la IUCN lidaika karongae, squamipinnis ndi lidole pamndandanda wa zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutha, ndipo lidati n'kutheka kuti lidole lidatha kale. Nsomba zomwe mayiyu adayeza polemba dzinali mu 1941 zikusungidwabe m'mabotolo ku London.